Werengani mtengo wonse musanagulitse ng'ombe

Caka ndi caka, zotsatira za mayeso a Giredi 12 zikangotuluka, m'midzi mwathu mumamveka mbiri yakuti mwana wa auje wapeza malo pa yunivesite ya ku maiko akunja. Kalata yocokera kutsidya la nyanja imazungulira m'manja mwa acibale, amai ali nthungululu pakamwa, ndipo sabata isanathe atsibweni ake a mwanayo amakhala atayamba kale kuitanira ogula ng'ombe pakhola. Cimwemwe cotere ncoyenera, pakuti palibe kholo losafuna kuti mwana wake aphunzire kufikira pamene nzeru zake zingamufikitse. Koma ife a tsamba lino tiri ndi udindo wonena poyera cinthu cimene ambiri amacizindikira mocedwa. Kalata yopatsa mwana malo silipira ngakhale ngwee imodzi. Imangonena kuti sukuluyo yavomera kumulandira ngati abwera ndi ndalama. Cotero banja lisanagulitse ng'ombe, munda kapena cigayo, liyenera kukhala pansi ndi kuwerenga mtengo wonse wa maphunzirowo, kuyambira tsiku lonyamuka kufikira tsiku lobwera ndi digiri m'manja.

Kupita kunja kukafuna maphunziro si cinthu cacilendo kwa mtundu wathu. Pamene dziko lino linalandira ufulu mu 1964, Azambia okhala ndi digiri anali ngati 100 cabe, ndipo anaipeza kudzera m'masukulu a kunja cifukwa atsamunda sanatimangire yunivesite. Ena anapita ku Makerere m'dziko la Uganda, ena ku Fort Hare ku South Africa, ena ku India ndi ku Britain. A Harry Nkumbula anaphunzira ku Makerere ndi ku London, ndipo a Simon Kapwepwe anakhala zaka zingapo ku India m'ma 1950. Njala ya maphunziro imeneyi ndiyo inacititsa anthu wamba, alimi ndi anchito a m'migodi omwe, kusonkha kangacepe kao kuti University of Zambia itsegulidwe mu 1966 ndi ophunzira 312. Koma tikumbukire kuti ambiri mwa akuluakulu aja sanapite ndi thumba la makolo ao. Amene anawalipirira ndi boma, amishoni kapena maiko amene anawaitana. Lero ana oculuka akunyamuka pa ndalama za banja, ndipo akupita ku maiko amene anaika maphunziro pa malonda.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, tiyeni titenge dziko la Britain, kumene mitima ya ana athu ambiri imathamangira. Kale wophunzira wocokera kunja ankalipira mofanana ndi mwana wa komweko. Kusiyanitsa kunayamba mu 1967, ndipo mu 1980 boma la Margaret Thatcher linalamula kuti alendo azilipira mtengo wathunthu wa maphunziro ao. Kucokera nthawi imeneyo mlendo anasanduka munda wa mayunivesite. Ku England boma limaika malire pa fizi ya ana a komweko, ndipo mu 2025 malirewo anali mapaundi 9,535 pa caka. Fizi ya mlendo iribe malire otere. Imayambira pa mapaundi oposa 11,000 ndi kukwera kupitirira 35,000 pa caka, kulingana ndi sukulu ndi phunziro lake, ndipo ya udotolo imaposa pamenepo. Ndalama za alendo ndizo zimatseka mipata m'thumba la mayunivesite ambiri. Ici ndico cifukwa cake amatumiza anthu ao ku mahotela a mu Lusaka kudzakopa ophunzira, ndiponso amalipira maejenti pa mwana aliyense amene awabweretsera.

Tsopano tiwerengere pamodzi, ndi mitengo ya caka ca 2025. Tiyerekeze kuti mwana wapeza malo pa yunivesite ya kunja kwa London, yotsikirako mtengo, imene fizi yake ndi mapaundi 15,000. Asanapatsidwe citupa colowera m'dzikolo, cimene amati visa, anayenera kuonetsa kuti pamwamba pa fiziyo ali ndi ndalama zodyera ndi zogonera za miyezi 9, mapaundi 1,136 mwezi uliwonse, kutanthauza 10,224. Wopita mu London mwenimweni anafunika 1,483 pa mwezi. Ndalama zimenezi ziyenera kugona m'banki masiku 28 otsatizana, osacotsapo. Visa yokha inali mapaundi 524 kuyambira mwezi wa Epulo, ndipo msonkho wa cipatala unali 776 pa caka. Kuphatikiza zonsezi tikupeza mapaundi 26,524. M'miyezi yoyamba ya 2025 paundi imodzi inali pafupifupi K35, cotero ndalamazi zinali kupitirira K928,000.

Nambala yotere simveka msanga kwa munthu wa kumudzi, conco tiisandutse cimanga. M'caka comweco bungwe la Food Reserve Agency linkagula thumba la makilogalamu 50 pa K340. Caka cimodzi ca mwana uja cinali matumba oposa 2,700. Mlimi wakhama amene amagulitsa matumba 100 caka ciriconse, osacotsapo za fataleza, za mbeu kapena za aganyu, angalime zaka 27 kuti alipire caka cimodzi cokha. Ndipo digiri ya ku England imatenga zaka zitatu.

Apo sitinachule tikiti ya ndeke, pasipoti, kupimitsa cifuwa cacikulu ca TB kumene Britain imafuna kwa ocokera ku Zambia, mayeso a Cingelezi amene masukulu ena amafuna, cikole ca nyumba, kompyuta, mabuku ndi zovala za cisanu. Msonkho wa cipatala uja amautenga wa zaka zonse nthawi imodzi, mwana asananyamuke. Ndalama ya visa sibwezedwa ngati visayo yakanidwa. Palinso cina cimene makolo ambiri sauzidwa: mayunivesite oculuka a ku Britain salandira setifiketi yathu ya Giredi 12 kuti mwana ayambe digiri pomwepo. Amafuna ayambe wacita caka ca maphunziro okonzekera, ndipo caka cimeneco naco ciri ndi fizi yake, lendi yake ndi cakudya cake.

Mtengo wa pa kalata suimanso pamalo amodzi, cifukwa banja limapeza kwaca pamene sukulu imafuna mapaundi, madola kapena mayuro. Mu 2013, Boma litacotsa maziro atatu pa ndalama yathu, dola imodzi inali pafupifupi K5. Mu 2015 mokha inacoka pa K6 ndi kupitirira K12 m'miyezi yowerengeka, ndipo pofika kumapeto kwa 2024 inali itapyola K27. Nzoona kuti mu 2025 kwaca inapezanso mphamvu, ndipo tikuyamikira zimenezo. Koma palibe munthu angalonjeze kholo kuti zaka zinai zikubwerazi idzakhala pati. Bambo amene anawerengera ng'ombe khumi angadzapeze kuti pakufunika makumi awiri, mwana ali pakati pa maphunziro. Izi zinagwera anzathu a ku Nigeria mu 2024. Ndalama yao ya naira itagwa, ophunzira ena pa Teesside University ku England analephera kutsiriza fizi pa nthawi yake, anaimitsidwa sukulu, ndipo ena analandira makalata owauza kuti acoke m'dzikolo. Ena mwa iwo anali atatsala pang'ono kutsiriza.

Mlimi ali ndi mdani winanso amene sukulu ya kunja simudziwa, ndiye cilala. Mu Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi ngozi ya dziko lonse, ndipo tonse tikukumbukira m'mene minda inapsera. Ofesi ya ndalama ya pa yunivesite simva zakuti mvula inadula cimanga ciri kumasula ngaiyaye. Tsiku lolipira likakwana, lakwana.

Pamene makolo ayamba kudodoma ndi manambala awa, pamabwera mau otonthoza akuti musadandaule, akangofika adzapeza nchito ndipo adzadzilipirira yekha. Mau amenewa agwetsa mabanja ambiri m'dzenje. Ku Britain wophunzira wa digiri saloledwa kugwira nchito kupitirira maola 20 pa sabata pamene sukulu iri mkati, ndipo wophwanya lamuloli angalandidwe visa. Kuyambira mu Epulo 2025 malipiro otsikitsitsa a wacinyamata wa zaka 18 kufikira 20 anali mapaundi 10 pa ola. Ngakhale atapeza nchito ya maola onse 20, angalandire mapaundi 800 pa masabata anai, pamene boma la komweko linati munthu afunika 1,136 pa mwezi kuti angodya ndi kugona. Fizi sinakhudzidwe n'komwe. Mwana amene acezera usiku kutsuka mbale kapena kusamalira okalamba amafika m'kalasi maso ali lendelende, ndipo akalephera mayeso, kubwereza nako nkolipira.

Maiko ena olemera nao akukweza mpanda. Ku Canada, ndalama zodyera zimene wophunzira ayenera kuonetsa zinakwera mu Januwale 2024 kucoka pa madola a komweko 10,000 kufika pa 20,635, ndipo caka comweco boma linaika malire pa ciwerengero ca ophunzira alendo. Ku Germany mayunivesite ambiri a boma salipiritsa fizi, ndipo ici ncoona. Koma kuyambira mu 2024 wofuna visa anayenera kutsekera mayuro 11,904 m'akaunti yapadera imene imangomutulutsira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, ndipo maphunziro ambiri a digiri yoyamba amaphunzitsidwa m'Cijeremani. Sukulu yaulere siitanthauza kuti lendi ndi buledi nzaulere.

Kufupi kuno zinthu nzopepukirako. Pangano la maiko a SADC la za maphunziro, limene linasainidwa ku Blantyre mu 1997, limati ophunzira a m'maiko a m'bungweli azionedwa ngati ana a pakhomo pa nkhani ya fizi. Cifukwa ca ici, Mzambia pa mayunivesite ambiri a boma ku South Africa amalipira fizi yofanana ndi ya mwana wa komweko, n'kuonjezerapo kandalama ka alendo. Komabe afunika inshuwalansi ya cipatala kuti apatsidwe visa, ndipo thandizo limene boma la kumeneko limapatsa ana a amphawi silimukhudza. Ku India, ku China ndi ku Russia fizi imakhala yotsika poyerekeza ndi ya ku Britain, ndipo ana athu ambiri aphunzira bwino kumeneko. Koma wopita ku Russia kapena ku China kawirikawiri amayamba wataya caka cathunthu akuphunzira cinenero, ndipo ulendo wobwera kudzaona odwala kapena kudzalira maliro umadya ndalama imene banja silinaiwerengere.

Nanga za sikolashipi? Ziripo ndithu, ndipo ndiyo njira yoyenera kwa mwana wa mlimi. Bungwe la Boma lochedwa Higher Education Loans and Scholarships Board, mwacidule HELSB, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2016 m'malo mwa komiti yakale ya mabasale, ndilo limalengeza malo amene maiko monga Russia, China, Algeria ndi Morocco amapatsa Zambia. Kwa amene ali kale ndi digiri yoyamba kuli Chevening ndi Commonwealth za ku Britain, Rhodes ya ku Oxford, Beit Trust imene imathandiza a ku Zambia, Zimbabwe ndi Malawi, ndi Fulbright ya ku America. Malo ake ngocepa ndipo opikisana ngambiri. Cofunika kudziwa ndi cakuti mau akuti sikolashipi ali ndi matanthauzo ambiri. Ina imalipira zonse, ina fizi yokha, ina imangocotsako kagawo kocepa pa fizi yaikulu. Yunivesite ikati yakucotserani mapaundi 3,000 pa fizi ya 18,000, ndiye kuti mukalipira 15,000. Kumeneko nkutsitsa mtengo monga acitira wa sitolo, ndipo banja lisavine cifukwa ca ico. Sikolashipi yeniyeni sigulitsidwa. Munthu akakuuzani kuti mupereke ndalama kuti dzina la mwana lilowe pa mndandanda, gwirani thumba lanu.

Apa ndipo tifike pa maejenti. Sitikunena kuti onse ngacinyengo, pakuti alipo ogwira nchito yao moona. Koma kholo lidziwe kuti ejenti amadya pamene mwana wakwera ndeke. Zakuti adzatsiriza kapena ai sizikhudza thumba lake. Masiku ano zithunzi za nyumba zosanja ndi ana ovala mikanjo zimafika pa foni kudzera pa Facebook ndi WhatsApp mpaka kumudzi kwenikweni, ndipo akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2023 ku Kenya, m'dera la Uasin Gishu, makolo ambiri anayenda m'miseu ya mzinda wa Eldoret kulirira ndalama zimene anapereka kuti ana ao akaphunzire ku Finland ndi ku Canada. Ana ena sananyamuke n'komwe, ena anafika ku Finland ndi kupeza kuti fizi yao sinalipidwe yonse, ndipo nkhaniyo inakathera ku khoti. Ndalamazo zinadzera m'manja mwa anthu amene makolo anawakhulupirira cifukwa ca maudindo ao. Phunziro lake nlakuti fizi iyenera kucoka ku banki kupita mu akaunti ya yunivesite yeniyeniyo, ndipo lisiti icokere ku yunivesite komweko.

Ngakhale mwana atatsiriza bwinobwino, pepala lake liyenera kuvomerezedwa kuno kwathu. Bungwe la Zambia Qualifications Authority ndilo limayesa masetifiketi a kunja ndi kunena ngati akulingana ndi athu. Wophunzira udotolo ayenera kudzera ku Health Professions Council of Zambia asanagwire wodwala, ndipo wophunzira zamalamulo sangaime m'khoti asanapambane mayeso a ku Zambia Institute of Advanced Legal Education. Kunja kuli masukulu ena amene boma la dziko lao lomwe siliwadziwa. Kufunsa kwa mabungwe awa mwana asananyamuke nkochipa kwambiri poyerekeza ndi kubwera patapita zaka zisanu ndi pepala limene palibe wolemba nchito angalilandire. Safunsa anadya phula.

Pali mtengo wina umene sulembedwa pa kalata iriyonse. Mu Febuluwale 2022 nkhondo itabuka ku Ukraine, ana athu amene ankaphunzira kumeneko anathawa ndi zikwama za m'manja, ndipo Boma linacita kuwatenga kudzera ku Poland, maphunziro atadukira panjira. Caka comweco dziko lonse linalira mnyamata wa zaka 23 amene anapita ku Moscow kukaphunzira za mphamvu ya nyukiliya. Iye anamangidwa mu 2020 pa mlandu wa mankhwala osokoneza bongo, ndipo acibale ake anafotokoza kuti ankagwira ganyu yopereka katundu pamene tsokalo linamugwera. Anatengedwa m'ndende kupita ku nkhondo, ndipo anafera ku Ukraine mu Seputembala 2022. Sitikuchula izi kuti tiopseze anthu, pakuti ambiri amapita ndi kubwera bwino. Tikuzichula kuti makolo adziwe kuti mwana amene ndalama zamuthera ku dziko la eni alibe ambuye ake omupatsa mbale ya ufa, ndipo njala ndi manyazi zingamukankhire m'manja mwa anthu oipa. Ana ambiri otere sanena zoona pa foni. Amati zonse ziri bwino, cifukwa akudziwa zimene zinagulitsidwa kuti iwo apite.

Tiganizirenso otsala pakhomo. Ng'ombe zapagoli zikapita, munda umacepa caka cotsatira, ndipo cuma cimene cimayenera kulipira caka caciwiri cimakhala citaphedwa ndi caka coyamba. Amene akongola kaloba ndiye amamira msanga, pakuti ciongoladzanja ca mwezi ndi mwezi sicingadikire digiri ya zaka zinai. Ndipo m'nyumbamo muli ang'ono ake ndi alongo ake, amene nao ali ndi nzeru ndi maloto ao. Kawirikawiri amene amauzidwa kuti ayambe adikira ndi mwana wamkazi. Si cilungamo kuthira mbeu yonse pa phando limodzi.

Tsono tikupempha banja lirilonse limene lalandira kalata yotere kuti liitane anthu odziwa, monga aphunzitsi aakulu a pa sekondale kapena wacibale amene anaphunzirako kunja, ndi kuyankha mafunso awa pa pepala. Coyamba, maphunzirowa ndi a zaka zingati, kuphatikizapo caka cokonzekera kapena ca cinenero? Caciwiri, fizi, lendi, cakudya, cipatala, visa ndi ndeke zikukwana zingati pa zaka zonsezo? Cacitatu, ngati pali thandizo, likulipira ciani ndipo likusiya ciani, ndipo kodi lingacotsedwe mwana akalephera phunziro limodzi? Cacinai, kwaca itagwa kapena mvula itakana, ndalama ya caka caciwiri ndi cacitatu idzacokera kuti? Cacisanu, kodi sukuluyo ndi yovomerezeka kwao, ndipo pepala lake lidzalandiridwa kuno? Cacisanu ndi cimodzi, zinthu zitavuta, tikiti yobwerera iripo? Funso limodzi lokha likasowa yankho, ulendowo uyambe waima. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo mayunivesite ambiri amalola kusunga malo kufikira caka cotsatira ngati apemphedwa.

Kuima sikutanthauza kuti mwana wataya mwai. Zambia ya lero si ya 1964. Pambali pa University of Zambia tiri ndi Copperbelt University kuyambira mu 1987, Mulungushi University kuyambira mu 2008, Levy Mwanawasa Medical University yophunzitsa za umoyo, ndi ena a boma ndi a anthu wamba olembetsedwa ku Higher Education Authority. Fizi yao iri mu kwaca, ndipo mwana angathe kunyamula ufa, nyemba ndi nshawa kucokera kumudzi. Ngongole za HELSB zimathandiza ophunzira a m'mayunivesite a boma, ndipo mu 2023 ndalama ya cakudya inabwezeretsedwa. Kuyambira mu 2022, pamene thumba la citukuko la CDF linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni m'dera lirilonse la phungu, muli gawo la mabasale a maphunziro a nchito zamanja. Tikudziwa kuti malo sakwanira onse, kuti zipinda zogona nzocepa ndipo ngongole sizifika kwa aliyense wopempha. Mabvuto amenewa ngoona ndipo ayenera kukonzedwa. Komabe njira imene yathandiza ana ambiri a amphawi ndi iyi: digiri yoyamba kuno kwathu, kuikhoza bwino, kugwirako nchito, kenaka kupikisana pa sikolashipi yathunthu ya digiri yaciwiri kunja. Ya Chevening, mwacitsanzo, ndi ya caka cimodzi, imalipira fizi, ndeke ndi zodyera, ndipo imafuna munthu amene wagwirako nchito zaka ziwiri. Wopita motere amasiya khola liri lodzaza.

Kwa a Unduna wa Maphunziro ndi a HELSB tiri ndi mapempho atatu. Zilengezo za masikolashipi zisamathere pa intaneti ndi m'manyuzipepala a Cingelezi, kumene mwana wa ku Chadiza, ku Vubwi kapena ku Chama amaziona tsiku lotsekera litapita. Ziulutsidwe pa wailesi m'zinenero zathu ndi kukhomedwa pa maofesi a maphunziro a m'maboma onse. Caciwiri, maejenti otumiza ana kunja alembetsedwe, maina ao adziwike, ndipo wopezeka akunamiza anthu alangidwe. Cacitatu, ana amene Boma lawatumiza kunja azilandira ndalama zao zodyera pa nthawi yake, ndipo akazembe athu adziwe kumene mwana aliyense ali, wa Boma ndi wodzilipirira yemwe. Aphunzitsi olangiza za nchito m'masekondale nao apatsidwe mitengo yeniyeni kuti azicenjeza ana asanalembe mayeso.

Mafumu ndi anyakwawa, inu ndinu osunga nthaka. Munthu akabwera kudzapempha cilolezo cotaya munda wa makolo cifukwa ca kalata ya kunja, mufunseni mafunso asanu ndi limodzi aja musanavomere. Inu atsibweni ndi eni mbumba, musacite manyazi kunena kuti pano sitingakwanitse, pakuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndipo inu anyamata ndi atsikana, auzeni makolo anu mtengo wonse monga uliri, osabisako kanthu poopa kuti angakane. Amene muli kale kunja ndipo zinthu zakuthinani, lankhulani msanga ndi a kwanu, ndi ofesi yothandiza ophunzira pa sukulu yanu, ndi kazembe wathu. Kubwerera kumudzi wamoyo ndi kudzapitiriza maphunziro kuno si cinthu cocititsa manyazi.

Dziko lathu likufunabe madotolo, mainjiniya ndi akatswiri a zaulimi amene anaona m'mene anzathu acitira zinthu ku maiko ena, ndipo amene ali ndi njira yokwanira apite ndi madalitso athu. Cimene tikukana ndi ulendo woyamba ndi ndalama ya caka cimodzi ndi ciyembekezo cakuti zina zidzaoneka kutsogolo. Walira mvula walira matope. Banja limene lifuna digiri ya kunja liyambe laona matope ake onse, liwerenge zaka zonse ndi ndalama zonse, ndipo likapeza kuti mtolowo ngwolemera kuposa mutu wake, liutule ndi kusankha njira ina mwana akali pakhomo ndipo ng'ombe zikali m'khola.